Kalulu wa ku Canada, Kapuku wa ku Golomoti ndi Kadzidzi wa pa Denga

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe wagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwa zaka zambiri kuno ku chigwa, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Ambiri amene simunathe kubwera munapempha kuti tiwasindikize, ndipo tawalemba monga momwe mwini wake anayankhulira. Mkonzi.)



Pamene kalata ya komiti inandipeza yondipempha kuti ndidzayankhule lero, ndinaganiza zodzakamba za mitengo ya feteleza, poti ndiyo nkhani imene anthu amandiimitsira pa msewu. Koma nditagona nayo masiku angapo ndinasintha maganizo. Ndabwera kudzaulula mlandu umene ndinapalamula pa sukulu pano ndili mu Fomu 2, ndipo ena mwa amene tinapalamula nawo ndikukuonani mwakhala kumbuyoko, imvi zili mbuu.

Mu denga la nyumba yosungiramo chimanga munkakhala kadzidzi, uja wa nkhope yoyera. Usiku ankalira mawu ake oopsa aja, ife m'mabulangete tili njenjenje. Sabata ina mnzathu wina analandira uthenga woti mayi ake akudwala kwambiri kumudzi, ndipo tonse tinagwirizana kuti wadzetsa zimenezi ndi kadzidzi. Loweruka masana tinatenga malegeni, tinakwera, ndi kumupha. Tinayenda modzitama ngati tapha mkango.

Lolemba m'mawa aphunzitsi athu a sayansi anamva. Tinkayembekezera chikoti, koma iwo sanakwapule munthu. Anatitengera ku nyumba ija natiuza kuti titole timibulu takuda timene tinali mbwee pansi pa pamene kadzidziyo ankagona. Ife tinkayesa ndi zitosi. Iwo anatiuza kuti ayi, kadzidzi amameza mbewa yathunthu, kenaka ubweya ndi mafupa amazilavula zitaumbika chotero. Tinaviika timibuluto m'beseni, ndi kumatiphwanya ndi timitengo. Munatuluka timitu ta mbewa ndi ta makoswe, mano ake ali gwa. Tinawerenga mpaka kupitirira 50. Atatero anatiyang'ana nafunsa funso limodzi lokha: "Tsono ntchito imeneyi agwira ndani mwa inu?"

Titabwerera m'kalasi anajambula pa bolodi mizere iwiri yokwera ndi kutsika ngati mafunde a pa nyanja, wina ukutsatira unzake pambuyo. Anati mzere woyamba ndi akalulu, wachiwiri ndi chilombo chimene chimadya akaluluwo. Tsiku limenelo sindinamvetse bwino. Ndinadzamvetsa nditayamba kuyenda m'minda ya anthu, ndipo ndi zimene ndikufuna tikambirane.

Kumpoto kwa dziko la America, ku Canada ndi ku Alaska, kuli nkhalango yaikulu ya mitengo yonga paini, yotambalala kuchokera ku nyanja ya kum'mawa mpaka ya kumadzulo. Kumeneko kumazizira kotero kuti miyezi yambiri pansi pamakutidwa ndi chipale chofewa, madzi oundana oyera ngati ufa. M'nkhalangomo muli kalulu amene Azungu amamutcha snowshoe hare, chifukwa mapazi ake akumbuyo ndi otambalala, ndipo amathamanga pa chipalecho osatitimira. Nyengo yotentha ubweya wake umakhala wofiirira monga kalulu wa kuno, nyengo yozizira umasanduka woyera. Mdani wake wamkulu ndi mphaka wam'tchire wotchedwa lynx, msinkhu wake ngati njuzi, amene chakudya chake chenicheni ndi kalulu yemweyo.

Tsono kunali kampani ina ya Angerezi, Hudson's Bay Company, imene inakhazikitsidwa mu 1670, ndipo malonda ake anali kugula zikopa kwa alenje. Akalaliki a kampaniyo ankalemba m'mabuku chaka ndi chaka kuchuluka kwa zikopa zimene agula. Iwo sankaganiza za sayansi ayi, ankangofuna kuti ndalama za abwana zisasowe. Patapita zaka zambiri, katswiri wa ku Oxford, Charles Elton, anayamba kufufuza za kuchuluka ndi kuchepa kwa nyama, nalemba za nkhaniyi mu 1924. Mu 1942 iye ndi Mary Nicholson anasanthula mabuku a zikopa za lynx a zaka zoposa 100 kuyambira mu 1821. Anapeza kuti zikopazo zinkachuluka kwambiri, kenaka n'kusowa, kenaka n'kuchulukanso, ndipo kuchokera pa chimake china kufika pa chinzake pankapita zaka 9 kapena 10. Akalulu nawo ankatero, koma iwo ndiwo ankatsogola, lynx n'kumatsatira pambuyo ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kayendedwe kake n'kotere. Akalulu akakhala ochepa, zilombo zowadya zimakhalanso zochepa, ndipo timitengo timene akalulu amadya timaphukira bwino. Kalulu wamkazi amatha kuswa katatu kapena kanayi pa chilimwe chimodzi, motero amachuluka msanga. Lynx akapeza ndiwo zosavuta, ana ake ambiri amakula, nayenso n'kuchuluka. Sakhala yekha: nkhandwe za kumeneko, akadzidzi aakulu ndi akabawi onse amatembenukira kwa kalulu. Pofika apo akalulu amakhala atadyanso nsonga zabwino za timitengo tija. Imfa zimaposa kubadwa, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu pa akalulu 10 pamatsala mmodzi, mwinanso osakwana. Zikatero njala imagwa pa lynx. Ana ake amafa, akuluakulu amayenda mitunda italiitali kusaka chakudya, ambiri osabwerera. Adani akatha, akalulu otsala aja amayambanso, ndipo gudumu lija lazungulira.

Akatswiri anatsutsana zaka zambiri: kodi chimagwetsa akalulu ndi njala kapena adani? Kuyambira mu 1986 mpaka 1996, Charles Krebs ndi anzake anayesa nkhaniyi pafupi ndi nyanja ya Kluane, m'chigawo cha Yukon. Anapatula zigawo za nkhalango, chilichonse kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Kwina ankathirako chakudya cha akalulu. Kwina anazunguliza mpanda wamagetsi woletsa lynx ndi nkhandwe. Kwina anachita zonse ziwiri. Zotsatira zake anazifalitsa mu 1995. Kumene anatchinga adani, akalulu anachuluka kawiri kuposa kwina. Kumene anathira chakudya, anachuluka katatu. Koma kumene anachita zonse ziwiri, anachuluka maulendo 11. Taonani, 2 kuphatikiza 3 ndi 5, koma apa panatuluka 11. Ndiye kuti chakudya ndi adani sizigwira ntchito payokhapayokha, zimakokerana.

Anapezanso china chodabwitsa. Mdani samangopha, amaopsezanso. Kalulu amene akukhala mwamantha sapita kukadya pamalo poyera pamene pali msipu wabwino, amaonda, ndipo amaswa ana ochepa. Mu 2009 Michael Sheriff, Krebs ndi Rudy Boonstra anaonetsa kuti akalulu a bere amene ankangoonetsedwa galu kwa kanthawi, osalumidwa n'komwe, ankaswa ana ochepa ndi ang'onoang'ono. Inu amayi mukudziwa kuti nkhuku imene kabawi akuizungulira tsiku ndi tsiku siyenda kutali ndi khonde. Ndi zomwezo.

Mwina wina akuti, nanga ife a ku Mtakataka zikutikhudza bwanji za kalulu wa ku chipale? Tiyeni titsike Khwekhwelere tibwere kwathu. Kalulu wathu pa nkhani imeneyi ndi mbewa, makamaka kapuku. Aliyense woyenda pa msewu wa Salima kudzera pa Golomoti miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti amaona anyamata atanyamula mipani ya mbewa. Aliyense amene analimapo akudziwanso kuti zaka sizifanana. Chaka china anyamata amakumba tsiku lonse n'kubwerako ndi mbewa zisanu. Chaka china mbewa zimachita kuthamanga pa mapazi masana, ndipo chimanga chimene wabzala madzulo umakapeza m'mawa mapando onse atafukulidwa.

Ndinene poyera kuti kapuku alibe gudumu la zaka 10 ngati kalulu uja. Ku Canada nyama zodyedwa ndi za mitundu yochepa, ndiye lynx ndi kalulu anamangirirana ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Kuno adani a mbewa ndi ambiri: kadzidzi, kabawi, vumbwe, njuzi, nyenga, msulu, mphiri, nsato, ndi ife anthu. Aliyense wa amenewa akasowa kapuku amadya china, kaya mende, kaya buluzi, kaya ziwala. Gudumu la kapuku limazungulira chaka chimodzi, ndipo amene amaliyendetsa ndi mvula. Udzu ukaphuka ndi kubereka njere, kapuku amayamba kuswana. Pofika nthawi yokolola ndi miyezi yotsatira amakhala wachuluka. Chilimwe chikakhwima chakudya chimatha, pobisala pamasowa, adani amamutola, ndipo pofika dzinja lina amatsala ochepa. Kapuku wofika chaka chathunthu ali moyo ndi wamwayi.

Mphamvu ya kapuku ili pa kubereka. Bere lake ndi la masiku 23 okha basi. Amaswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi, ndipo mawere ali nawo ochuluka kuposa mbewa zina. Akangoswa amatha kutenganso bere lina. Tiyeni tichite samu ya pa bolodi. Kapuku mmodzi wamkazi akaswa katatu, ana 10 ulendo uliwonse, ndiye kuti ana 30. Chaka chabwinobwino ana amenewa amadikira nyengo ina kuti nawo ayambe kuswa, ndipo ambiri amafa asanafike. Koma chakudya chikakhalapo nthawi yaitali, ana oyamba aja amakhwima ali ndi miyezi itatu. Tinene kuti mwa 10 oyambawo 5 ndi aakazi, ndipo aliyense waswa kawiri. Apo pabwera ena 100. Mbewa imodzi yasanduka 130 nyengo imodzi. Chaka cha mliri wa mbewa chimabadwa chotero: m'badwo umodzi wowonjezera.

Anzathu a ku Tanzania anaifufuza bwino nkhaniyi. Ku Morogoro, pa Sokoine University of Agriculture, akhala akutchera ndi kuwerenga kapuku yemweyu mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, pamodzi ndi katswiri wa ku Belgium, Herwig Leirs. Mu 1996 anaonetsa kuti mliri wa mbewa umatsatira mvula yochuluka imene yagwa msanga, nyengo yeniyeni yoswana isanafike, ndipo kuti munthu woyang'ana mvula angathe kuchenjeza alimi miyezi ingapo mliri usanagwe. Pa mliri wotere mbewa zimatha kupitirira 1,000 pa hekitala imodzi. Anayesanso za adani monga anachitira a ku Kluane. Minda ina anaiphimba ndi ukonde kuti mbalame zisalowe, ina anaikamo mitengo yoti mbalame zizitera ndi mabokosi oti akadzidzi aziswera. M'minda yophimbidwa ija mbewa zinachuluka msanga ndi kufika patali kuposa m'minda imene adani ankalowa. Koma anaonanso kuti mbewa zimayendayenda, zikachepa m'munda uno zina zimalowa kuchokera kwa mnansi.

Choncho sindikunamizani kuti kadzidzi yekha angaletse mliri. Mvula ikapereka chakudya chochuluka, mbewa zimaswana mofulumira kuposa mdani aliyense. Kadzidzi ali ngati buleki ya njinga. Buleki siichotsa phiri, koma amene anatsikapo Khwekhwelere pa njinga yopanda buleki ndiye angatiuze kusiyana kwake, ngati alipo. Phunziro la ku Kluane ndi lomwelo: chakudya chochuluka pachokha ndi vuto laling'ono, kusowa kwa adani pakokha ndi vuto laling'ono, koma ziwirizi zikakumana ndiye 11 uja. Tsono taganizani za chigwa chathu lero. Ku sikimu ya Bwanje kuli mahekitala 800 a mpunga ndi mbewu za mthirira. M'mbali mwa Livulezi, Nadzipokwe ndi Namikokwe muli madimba obiriwira chilimwe chonse. Zimenezi ndi zabwino, zikudyetsa mabanja ndi kulipira fizi. Koma kwa kapuku ndiye kuti mwezi wa njala unachotsedwa pa kalendala. Chakudya tamuthirira kale. Funso ndi lakuti, kodi mpanda woletsa adani ake timumangiranso tokha?

Ndikuona njira zitatu zimene tikumangira mpanda umenewo. Yoyamba ndi moto. Kusaka mbewa si kulakwa ayi. Mbewa ndi ndiwo, ndipo mnyamata wa khasu ndi diwa ali m'gulu la adani a kapuku, akuthandiza mlimi. Cholakwika ndi kutentha tchire lonse pofuna kuona mauna. Moto ukamadutsa kapuku amakhala ali pansi mu una wake, phee. Amene amapsa ndi mitengo ya mphako mmene akadzidzi amaswera, ndi zitsamba mmene nyenga ndi vumbwe amabisala. Moto woyatsidwa chifukwa cha mpani umodzi umakwera mpaka m'nkhalango ya Mua-Livulezi, ndipo chizimalupsa chikagwa nthaka yonse imatsikira m'mitsinje. Kulambula m'mbali mwa munda ndi chikwakwa kumachotsa pobisala mbewa popanda kuwononga zonsezi.

Yachiwiri ndi mankhwala. Pano ndikuuzeni za nsomba pang'ono, poti ndife a kunyanja. Pa nkhondo yaikulu yoyamba, asodzi a pa nyanja ya Adriatic ku Ulaya analeka kupita pa madzi kawirikawiri. Katswiri wa nsomba Umberto D'Ancona atawerenga mabuku a m'misika anapeza kuti pa doko la Fiume nsomba zodya zinzake zinali 12 pa 100 zilizonse mu 1914, koma pofika 1918 zinali 36 pa 100. Usodzi utayambiranso zinatsikanso. Anafunsa apongozi ake, Vito Volterra, amene anali katswiri wa masamu, ndipo mu 1926 Volterra anaonetsa ndi samu kuti ukamapha mosasankha, wodya ndi wodyedwa pamodzi, amene amapindula ndi wodyedwa. Chifukwa chake n'chosavuta. Mbewa yodya mankhwala siifa pomwepo, imayenda mozandima, ndipo kadzidzi kapena mphaka amaitola mosavuta, nayenso n'kufa. Mbewa zotsala zimabwezeretsa chiwerengero chawo m'miyezi iwiri. Kadzidzi amafuna chaka kapena kuposa. Mlimi amadabwa kuti chaka chatha anathira mankhwala koma chaka chino mbewa zawonjezeka, ndiye amagula mankhwala ochuluka. Ndipo tisaiwale kuti kuno wodya mbewa wina ndi mwana wathu yemwe. Mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina pa msika asamafike kumunda kumene ana amakumba mbewa.

Amene akukayika kuti mdani wachilengedwe ndi chuma akumbukire za chinangwa. Tizilombo ta kodikodi tinachokera ku South America, tinaoneka ku Congo mu 1973, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 tinafika ku Nkhata Bay. Tinabwera tokha, mdani wake atatsala kwawo, ndipo minda ya chinangwa inapserera, anthu odalira kondowole n'kugona ndi njala. Chimene chinapulumutsa chinangwa si mankhwala. Akatswiri a bungwe la IITA motsogozedwa ndi Hans Herren anabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku Paraguay, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi. Anakamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuno ku Malawi komwe, ndipo kodikodi anagonja. Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mdani wa kodikodi anachita kukamutenga kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zambiri. Mdani wa kapuku tili naye kale, waulere, ndipo tikumugenda.

Imeneyo ndiyo njira yachitatu, ndipo ndi yovuta kuikamba chifukwa ikukhudza zimene tinayamwira. Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira pa denga ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro. Sindinabwere kudzanyoza makolo. Amene anapitako ku Kungoni pa Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba ntchito yosunga chikhalidwe chathu mu 1976, akudziwa kuti makolo ankaziyang'anitsitsa nyama ndi kutengapo maphunziro ozama. Koma tiyeni tifunse chimene chimamuitana kadzidzi pakhomo. Iye amapita kumene kuli makoswe ndi mbewa. Pakhomo pamene pali matenda a nthawi yaitali, kusesa kumachepa, udzu umamera mpaka pa nkhokwe, makoswe amachuluka. Ndiponso odwazika matenda ndiwo amakhala maso usiku, ndiye ndiwo amamumva. Masiku ena onse amalira ife tili m'tulo, ndipo kukacha palibe chachitika. Mayi a mnzathu uja anachira, anakhala zaka zina zambiri, ndipo ena a inu munadya nawo nsima pa ukwati wake. Koma chimanga cha sukulu chaka chimenecho makoswe anachichita zoopsa, ndipo matumba tinkasoka ndife.

Ku Israel alimi anayamba kukhomera akadzidzi a mtundu womwewu mabokosi m'minda m'zaka za m'ma 1980, ndipo mabokosiwo anafika masauzande. Alimi a ku Jordan ndi a ku Palestine analowa nawo m'ntchitoyi, ngakhale kuti kumenekonso anthu ambiri ankamuyesa kadzidzi mbalame ya tsoka. Ku Malaysia amachita chimodzimodzi m'minda ya kanjedza wa mafuta. Banja limodzi la akadzidzi pamodzi ndi ana awo limadya mbewa zoposa 2,000 pa chaka. Chaka chimene mbewa zachuluka, kadzidzi amaikira mazira ambiri ndipo amatha kuswa kawiri. Ndi mzere wachiwiri uja wa pa bolodi, ukutsatira woyamba.

Bambo Wapampando, munthu woulula mlandu amayenera kulipa. Ndili ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu, ndipo onse ndi otsika mtengo kuposa zakumwa za lero.

Loyamba, tikhome mabokosi awiri a akadzidzi kumunda wa sukulu, pa milongoti yotalika mamita atatu kapena anayi, kutali pang'ono ndi nyumba zogona kuti ana asamadzidzimuke usiku. Tiimikenso mitengo ingapo yopingasa pamwamba pakati pa munda kuti akabawi ndi akadzidzi azitera poyang'ana mbewa. Matabwa a bokosi loyamba ndigula ndine. Lachiwiri ndikusiyira anzanga a malegeni aja, akudzidziwa.

Lachiwiri, amene tili ndi minda tigwirizane ndi anansi athu pa nthawi yotchera. Ambiri timayamba kulimbana ndi mbewa zitachuluka kale, pamene kupha 100 sikusintha kanthu. Nthawi yabwino ndi pamene zili zochepa, tisanabzale ndi kumayambiriro kwa dzinja, zisanayambe kuswana. Yaikazi imodzi yogwidwa nthawi imeneyo ndi 130 aja. Ndipo poti mbewa sizidziwa malire a munda, wotchera yekha amangotcherera mudzi wonse. Mutu umodzi susenza denga. Tikambirane ndi mafumu ndi makomiti a madimba kuti sabata yotchera ikhale imodzi, ndi kuti woyatsa tchire aziyankha pa bwalo.

Lachitatu ndilo lili pamtima panga. Tigulire kalabu ya sayansi choyezera mvula, misampha 20 ndi buku lalikulu lachikuto cholimba. Tsiku lililonse ana alembe mvula imene yagwa. Mwezi uliwonse atchere misamphayo usiku utatu pamalo omwewo, alembe mbewa zimene agwira ndi mtundu wake. Atole timibulu ta pansi pa mabokosi aja, awerenge timitu monga tinachitira ife. Chaka choyamba bukulo lidzaoneka lopanda ntchito. Pakadzapita zaka 10 lidzayamba kuyankhula, ndipo mlangizi wa kuno adzatha kuuza alimi a ku Golomoti ndi ku Bwanje kuti chaka chino konzekani, mvula yagwa ngati ya chaka chakuti. Paja chakudza sichiimba ng'oma, koma mbewa zimaimba, ife ndife sitilemba. Kumbukirani kuti zonse zimene dziko linaphunzira kwa kalulu wa ku Canada zinayambira kwa akalaliki olemba zikopa m'buku, osadumpha chaka. Ana athu angathe kuchita chimodzimodzi, ndipo mwina mwa iwo mudzatuluka katswiri amene adzalembe za mbewa za chigwa chino, m'malo moti tizingobwereka za ku Morogoro.

Kwa inu ana a sukulu ndinene ichi. Mukamaphunzira za nyama zodya zinzake, musamayese ndi nkhani ya pa mayeso yokha. Ili m'munda mwa mayi anu, ili m'nkhokwe, ili m'thumba la mpunga limene likulipira fizi yanu. Mukamva kadzidzi usiku uno, dziwani kuti wina wayamba ntchito pamene inu mukugona.

Aphunzitsi athu aja anatisiya kalekale, mzimu wawo uuse mumtendere. Funso lawo lija sitinaliyankhe tsiku limenelo, tinangoweramitsa mitu. Ndapempha Msungichuma kuti akhale pakhomo ndi mbale pamene tikutuluka, kuti tiliyankhe lero.